Kodi n'kwanzeru kulipiriratu katundu asanawonongeke?

Pali malonda ena odabwitsa padziko lino. Wogula amapereka ndalama mwezi ndi mwezi osalandira kanthu m'manja, kwinaku akupemphera kuti chimene akulipiracho asadzachifune. Wogulitsa nayenso amapemphera pemphero lomwelo, pakuti tsiku limene wogula adzachifune ndi tsiku limene iye adzatulutse ndalama. Malonda amenewa ndi inshuwalansi, ndipo lero ndati tikambirane za mtundu umodzi umene unazika mizu ku Britain: kulipiriratu kampani kuti idzakukonzereni boiler, filiji kapena makina ochapira tsiku limene zidzawonongeke.

Ndikudziwa wina wayamba kale kung'ung'udza kuti, "Nanga ife a ku Ndirande ndi ku Kawale za ku Mangalande zikutikhudza pati?" Dekhani, abale anga. Ambiri mwa ife tili ndi mlongo, mlamu kapena mnzathu wa kusukulu amene ali kumeneko. Anamwino athu anayamba kupitako mwaunyinji kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ena anatsatira kuyambira mu February 2022 pamene boma la Britain linatsegula khomo kwa osamalira okalamba ochokera maiko akunja, khomo limene linadzatsekedwa mu July 2025. Ophunzira nawo amapitako chaka chilichonse, ndipo ena mwa inu mukuwerenganu muli m'kati molemba mafomu. Paundi iliyonse imene mbale wanu akutaya pachabe kumeneko ndi paundi imene ikanafika kuno kudzalipira fizi kapena kugula feteleza. Komanso inu a geni amene mumakapikula katundu ku Joni mwakumanapo kale ndi malonda omwewa pakauntala, pamene wogulitsa akukufunsani ngati mukufuna kuonjezera waranti.

Chibokosi cha pakhoma

Tiyambe ndi boiler, popeza kwathu kuno sitiidziwa kweni-kweni. Ndi chibokosi chokhomedwa pakhoma, kawiri-kawiri kukhitchini kapena m'kakabati. Chimayaka ndi gasi amene amafika m'nyumba kudzera m'mapaipi, monga momwe madzi amafikira kumpopi. Ntchito zake ndi ziwiri: kutenthetsa madzi osamba ndi otsukira mbale, ndi kuzunguliza madzi otentha m'zitsulo zimene zili m'chipinda chilichonse kuti nyumba ifunde. Mwachidule ndi giza ndi mbaula zitaphatikizana. Nyumba zoposa 7 mwa 10 zilizonse ku Mangalande zimafunda mwa njira imeneyi.

Tsono kuzizira kwa kumeneko si kwa ku Dedza mwezi wa June ayi. Kuyambira December mpaka February madzi amatha kuuma gwa panja usiku. Boiler ikazima nthawi imeneyo ndiye kuti m'nyumba mulibe pothawira, ndipo kwa khanda kapena nkhalamba imeneyo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Sungaitanenso mnyamata wa pamsika kuti adzaigwire-gwire, chifukwa lamulo limaletsa munthu aliyense kukonza za gasi ngati sanalembetsedwe m'kaundula wotchedwa Gas Safe Register, amene anayamba kugwira ntchito mu April 2009. Lamulolo lili ndi chifukwa chake. Boiler yokonzedwa molakwika imatha kutulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, womwe uja umapha anthu kuno akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Choncho amisiri ake ndi odula, ndipo kuika boiler yatsopano kumadya mapaundi 2,000 kapena kuposa.

Pa mantha amenewa ndi pamene makampani monga British Gas ndi HomeServe amaimikapo malonda awo. Amati tipatseni kangachepe mwezi uliwonse, ikadzazima mudzangoimba foni, mmisiri wathu adzabwera. Ku mbali ya mafiliji, makina ochapira ndi ma TV kulinso makampani ake, monga Domestic & General, ndipo mashopu akulu-akulu amagulitsa mapepala amenewa pamodzi ndi katunduyo. Kumva kokha n'kokoma ndithu. Koma akulu anati chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndikuti munthu asanasaine adzifunse mafunso atatu.

Kodi palibe wina amene ali kale ndi udindowu?

Ili ndiye funso loyamba, ndipo kwa abale athu ambiri nkhani yonse imathera pomwepa. Wophunzira kapena wantchito amene wangofika kumene amakhala m'nyumba ya lendi. Ku Mangalande lamulo la 1985 lokhudza eni nyumba ndi alendi limanena mosabisa kuti kukonza zotenthetsera nyumba ndi madzi ndi udindo wa landilodi. Malamulo ena a 1998 amamukakamiza kuitana mmisiri wovomerezeka chaka chilichonse kudzayendera zonse za gasi, ndi kupereka chikalata chake kwa mlendi. Tsono mlendi amene akulipira inshuwalansi ya boiler akufolera denga la nyumba ya mwini wake ndi udzu wogula yekha. Boiler ikazima, foni ipite kwa landilodi kapena kwa ejenti wake, basi.

Nanga amene anagula nyumba yawo-yawo? Aone kaye zaka za boiler yawo. Makampani opanga monga Worcester Bosch ndi Vaillant amapereka waranti ya zaka zingapo, ina mpaka zaka 10, malinga boileryo inalembetsedwa itangoikidwa ndipo ikuyenderedwa ndi mmisiri chaka ndi chaka. Munthu amene boiler yake ili ndi zaka 2 ndipo akulipiranso kampani ina mwezi uliwonse akugula chinthu chimodzi kawiri.

Pa mafiliji ndi makina ochapira, lamulo loteteza ogula limene linayamba kugwira ntchito pa 1 October 2015 limapereka kale chitetezo chaulere. Katundu akapezeka ndi vuto m'masiku 30 oyamba, mumabweza n'kulandira ndalama zanu zonse. Likaoneka m'miyezi 6 yoyamba, lamulo limatenga ngati katunduyo anachoka nalo kushopu, ndipo ndi washopu amene ayenera kutsimikiza kuti sizili choncho. Ikapita miyezi 6 mpira umabwerera kwa inu, koma mutha kudandaulabe mpaka zaka 6 ku England ndi Wales, kapena zaka 5 ku Scotland, ngati mungaonetse kuti vutolo ndi la kapangidwe. Kuonjezera apo, amene wagula katundu woposa mapaundi 100 ndi khadi la ngongole ali ndi mboni ina: lamulo la 1974 limati banki yopereka khadilo ili ndi mlandu wofanana ndi wa shopu ngati katunduyo si wolongosoka. Enanso ali kale ndi chitetezo cha ngozi za m'nyumba m'kati mwa inshuwalansi ya nyumba kapena mu akaunti ya kubanki yolipira mwezi ndi mwezi, koma sadziwa chifukwa sanawerengepo mapepala ake.

Mukuona tsono kuti chaka choyamba, chimene wopanga amaperekanso waranti yake, katundu amakhala ndi alonda awiri kapena atatu aulere. Wogulitsa pakauntala sangayambe wakuuzani zimenezi.

Timalemba tating'ono

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi pepalali likulonjeza chiyani, ndipo likukana chiyani? Malonjezo amalembedwa ndi zilembo zikulu-zikulu kutsogolo. Zokana zimalembedwa ndi timalemba tofuna mandala kumasamba a kumbuyo, ndipo n'kumene kuli nyama ya nkhani.

Mapepala ambiri amakana vuto limene linalipo musanalowe. Ambiri salola kuti muitane mmisiri m'masabata oyambirira, kuopa anthu olowa boiler itazima kale. Ambiri amakana kuwonongeka kobwera chifukwa cha matope a dzimbiri amene amaunjikana m'mapaipi, kapena laimu amene madzi a madera ena monga London amasiya m'kati mwa zitsulo, pamene zimenezi ndi zina mwa zimene zimadwalitsa boiler yokalamba. Ambiri ali ndi malire a zaka: boiler ikakula kwambiri amakana kuilandira, kapena amailandira koma n'kunena kuti ikadzafa osakonzekanso sadzakugulirani ina. Ndiye kuti pamene mukuwafuna kwambiri ndi pamene iwo akubwerera m'mbuyo.

Palinso ndalama ina imene amaitcha excess. Iyi mumalipira nthawi iliyonse mmisiri akabwera kudzakonza, pamwamba pa ija ya mwezi ndi mwezi. Mtengo wotsika umene mumauona pachikwangwani nthawi zambiri umakhala wotsika chifukwa excess yake ndi yaikulu. Ndipo mtengo wa chaka choyamba ndi nyambo chabe. Chaka chikatha pepala limadzikonzanso lokha, ndalama n'kumangochoka kubanki, mtengo utakwera. Munthu wogwira ntchito usiku m'nyumba ya okalamba, wobwera kunyumba maso ali psuu ndi tulo, kalata yonena za mtengo watsopano amaiona liti?

Chinanso chofunika kufunsa n'chakuti pepalalo ndi inshuwalansi yeni-yeni kapena ndi mgwirizano wamba wokonza zinthu. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Inshuwalansi imayang'aniridwa ndi bungwe la Financial Conduct Authority, ndipo kampani ikakukanizani kapena ikalephera kuyankha dandaulo lanu m'masabata 8 mutha kukasuma kwaulere ku Financial Ombudsman Service. Mgwirizano wamba ulibe khomo limenelo.

Ngakhale lonjezo lija lakuti mmisiri adzabwera msanga liyenera kuyezedwa. Kumapeto kwa February ndi kuchiyambi kwa March 2018, chisanu choopsa chimene anachitcha Beast from the East chinakuta Britain yense. Boiler zamakono, zimene lamulo linakakamiza kuyambira mu 2005, zili ndi kapaipi kotulutsira madzi panja. Kapaipi kameneka kanauma m'nyumba zambiri-mbiri nthawi imodzi, boiler n'kuzima zokha. Mafoni a makampani anadzaza, ndipo olipira mwezi ndi mwezi anaima pamzere womwewo ndi anzawo onse. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake anali kungothira madzi ofunda pakapaipiko. Tsiku limene aliyense akufuna mmisiri, amisiri sachuluka chifukwa choti inu muli ndi pepala.

Tiwerengere limodzi

Funso lachitatu ndi la masamu, ndipo masamu ake safuna digiri. Tiyerekeze kuti mukulipira mapaundi 20 pamwezi. Pachaka ndi mapaundi 240, pazaka 5 ndi mapaundi 1,200. Tiyerekezenso kuti m'zaka 5 zimenezo boiler yawonongeka kawiri, ndipo ulendo uliwonse mwapereka excess ya mapaundi 60. Zonse pamodzi mwatulutsa mapaundi 1,320.

Mnzanu woyandikana naye nyumba sanalowe. Iye amaitana mmisiri kamodzi pachaka kudzayendera boiler, tinene pa mapaundi 100, ndiye kuti mapaundi 500 pazaka 5. Yake nayo yawonongeka kawiri, ndipo ulendo uliwonse walipira mapaundi 250. Zonse pamodzi ndi mapaundi 1,000. Watsala ndi mapaundi 320 m'thumba kuposa inu. Ikanapanda kuwonongeka n'komwe akanatsala ndi 700. Manambalawa ndi ongoyerekeza, aliyense aikepo ake, koma njira yowerengera ndi yomweyo.

Pa katundu wamng'ono masamu ake ndiye amachititsa manyazi. Makina ochapira a mapaundi 300 mukamawalipirira mapaundi 6 pamwezi, pakutha pa zaka 4 mwapereka mapaundi 288. Mwagula makina ena atsopano, koma m'nyumba mukadali akale omwe aja.

Musadabwe nazo. Kampani si mpingo wachifundo. Pa ndalama imene mumapereka payenera kuchoka malipiro a amisiri, a olandira mafoni, a otsatsa malonda, komishoni ya wogulitsa uja, phindu la eni kampani ndi msonkho wa boma. Msonkho wa pa inshuwalansi ku Britain ndi 12 peresenti, koma pa waranti yogulitsidwa ndi shopu pamodzi ndi katundu wamagetsi ndi 20 peresenti. Tsono ogula onse mukawaphatikiza, ayenera kupereka zambiri kuposa zimene amalandira, apo ayi kampaniyo ikanatseka kale-kale. Umu ndi mmene inshuwalansi iliyonse imayendera, ndipo si kuba ayi. Nkhani yagona pakuti ndi tsoka liti limene liyenera kulipiridwa mtengo woterewu. Nyumba ikapsa, kapena galimoto yanu ikagunda munthu, simungadzuke nokha, ndipo pamenepo inshuwalansi ndi nzeru. Koma ketulo, wailesi kapena makina ochapira zikafa, mumadandaula sabata imodzi n'kugula zina. Ine lamulo langa ndi limeneli: lipirirani tsoka limene lingakugwetseni osadzukanso, koma limene lingangokupunthwitsani lisungireni ndalama nokha.

Mbiri yake si yoyera

Wina angaganize kuti ndikungodana ndi amalonda. Ayi ndithu, boma la Britain lenilenilo lakhala likulimbana ndi malonda amenewa kwa zaka zambiri. Mu 2003 bungwe loona za mpikisano pa malonda linafufuza mawaranti oonjezera a katundu wamagetsi n'kupeza kuti mashopu anali ndi mphamvu yopitirira muyezo, chifukwa wogula amauzidwa za warantiyo ataima kale pakauntala, alibe mpata wofananiza mitengo. Zotsatira zake linali lamulo la 2005, limene limakakamiza shopu kulemba mtengo wa waranti pafupi ndi mtengo wa katundu, ndi kulola wogula waranti yoposa chaka chimodzi kusintha maganizo m'masiku 45 n'kubwezeredwa ndalama zake zonse ngati sanaigwiritse ntchito.

Mu February 2014 bungwe la Financial Conduct Authority linalipiritsa kampani ya HomeServe chindapusa cha mapaundi 30.6 miliyoni chifukwa cha kagulitsidwe kosocheretsa anthu ndi kusasamala madandaulo awo m'zaka za pakati pa 2005 ndi 2011. Mu March 2022 ofesi ya Information Commissioner inalipiritsa makampani 5 mapaundi 405,000 onse pamodzi chifukwa choimbira anthu mafoni osawafuna, maka-maka okalamba, kuwanyengerera kuti agule inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba. Ngati amachita zotere kwa mbadwa zodziwa malamulo a dziko lawo, kuli bwanji mlendo amene wangotsika ndege, woleredwa mwaulemu, wochita manyazi kukana munthu amene akumulankhula mokoma pafoni? Safunsa anadya phula. Mbale wanu mumuuze kuti kunena kuti "ndiganize kaye" si mwano, ndipo ngati wasaina kale inshuwalansi ali ndi masiku 14 oti atulukemo.

Amene ingawathandize

Tsono ndisakhale ngati woweruza womva mbali imodzi. Alipo anthu amene pepala limeneli lingawapulumutse. Taganizani za banja limene langogula nyumba, ndalama zonse zathera pa dipoziti, boiler ili ndi zaka 8 kapena 9, waranti inatha, ndipo m'nyumba muli khanda kapena gogo. Banja lotere mapaundi 20 pamwezi lingawapeze, koma mapaundi 400 a mwadzidzidzi mu January silingawapeze popanda katapila. Kwa iwo, kulipira mopitirira pang'ono kuti asadzagone m'chisanu ndi chinthu chomveka. Chimodzi-modzinso mayi wokhala yekha ndi ana m'tauni imene sadziwamo mmisiri ngakhale mmodzi, kapena Mmalawi amene ali ndi nyumba ya lendi ku Manchester iye akukhala ku Area 47: kukhala ndi nambala imodzi yoimba usiku ndi chinthu cha mtengo wake.

Palinso chilungamo china chimene tiyenera kuvomerezana. Kunena kuti "ndizisunga ndekha" n'kosavuta, kusungako ndiye ntchito. Tonse tikudziwa mmene foni ya kumudzi imalirira: maliro, fizi, chipatala, denga lasasuka. Ndalama yosungira boiler imasanduka ya bokosi la malume. Munthu amene akudzidziwa kuti ndalama siigona m'manja mwake, mwina kuli bwino kampani izimulanda mwezi ndi mwezi. Koma alowe maso ali tseguke, atawerenga zokana zonse, ataona ngati kuyendera kwa pachaka kuli m'kati, ndipo chaka chikamatha aziimba foni kukanenerera mtengo monga momwe timachitira pa kaunjika. Makampaniwa amatsitsa mtengo akaona kuti kasitomala akufuna kuchoka.

Nanga kwathu kuno?

Tibwere kumudzi tsopano. Boiler tilibe, koma filiji tili nayo, ndipo kwa mayi wogulitsa mafilizesi, thobwa lozizira kapena nkhuku zosadzula, filiji ndiye munda wake. Kwa wophunzira, laputopu ndi foni ndiye laibulale yake. Mafunso atatu aja amagwira ntchito chimodzi-modzi.

Amene mumagula ku South Africa dziwani kuti lamulo lawo loteteza ogula, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wolakwika kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Koma musanapereke marandi ena pa waranti yoonjezera, funsani ngati imagwira ntchito katunduyo akaoloka malire. Mawaranti ambiri amathera m'dziko limene mwagulamo. Ndipo ngakhale itagwira, filiji ikafa ili ku Mchesi mudzaikweza basi kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge kuti akaione ku Johannesburg? Mtengo wa ulendowo wokha mungagulire ina.

Chachiwiri, chimene chimapha katundu wamagetsi kwathu kuno nthawi zambiri si kulakwitsa kwa fakitale. Ndi magetsi othima-thima, amene pobwera amabwera ndi ukali kapena mofooka, komanso mphenzi za m'dzinja. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe wa Ana mu January 2022, ataononga damu la Kapichira. Tsono kupsa kobwera ndi magetsi ndi chimodzi mwa zinthu zimene waranti ya wopanga kawiri-kawiri imakana. Ndalama imene mukanagulira pepala ndi bwino igule fridge guard, kachipangizo kaja kochedwetsa magetsi kulowa mufiliji mpaka atakhazikika. Magetsi akathima zulani mapulagi. Mawaya a m'nyumba kapena m'shopu aikidwe ndi mmisiri wodziwa ntchito, osati wongolumikiza.

Chachitatu, tengani lisiti ndipo mulisunge. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, lili ndi bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo, ndiponso bungwe la CAMA lakhala likulankhulira ogula kuyambira zaka za m'ma 1990. Koma onsewa sangakuthandizeni ngati mulibe umboni wakuti munagula kuti, liti, pa mtengo wanji. Wogulitsa amene akukana kulemba lisiti, kapena amene waranti yake ndi ya pakamwa yakuti "ikavuta mudzabwere nayo," wakuuzani kale mmene zidzathere. Ndipo wina akabwera ndi pepala lakuti muzilipira mwezi ndi mwezi kuti adzakukonzereni katundu, mufunseni ngati kampani yake ili ndi chilolezo cha Reserve Bank, imene imayang'anira za inshuwalansi m'dziko muno.

Za kusunga ndalama nokha, ndivomere kuti kuno n'kovuta kuposa ku Mangalande. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zipangizo zokonzera filiji zimachokera kunja. Ndalama imene inali yokwana kompuresa chaka chino, chaka cha mawa ingakwane theka lake. Komabe njira tili nazo zathu-zathu. Magulu a banki m'khonde ambiri ali kale ndi kathumba ka padera ka mavuto. Palibe choletsa amayi 10 a mafiliji pamsika umodzi kugwirizana kuti aziponya kangachepe sabata iliyonse, filiji ya mmodzi ikafa akonzetse ndi ndalama ya gulu, ndipo akhale ndi mmisiri mmodzi wodziwika amene akudziwa kuti akanamiza mmodzi wataya makasitomala 10. Imeneyo ndi inshuwalansi ndithu, kungoti ilibe komishoni, ilibe timalemba tating'ono, ndipo zotsala pakutha pa chaka zimabwerera kwa eni ake. Mutu umodzi susenza denga.

Mau otsiriza

Tsono yankho langa pa funso lili pamwambali ndi ili. Kwa mlendi, ayi. Kwa amene katundu wake akadali pa waranti, ayi. Pa katundu amene mungathe kugula wina popanda kugulitsa munda, ayi. Kwa mwini nyumba wa boiler yokulirapo, wopanda chosunga, wokhala ndi ana aang'ono kapena okalamba, mwina inde, koma atawerenga pepala lonse ndi kuchita masamu ake.

Makampaniwa amati akugulitsa mtendere wa mumtima, ndipo sakunama, mtendere ndi chinthu chabwino. Koma nawonso uli ndi mtengo woyenera, monga tomato ndi sopo. Inu a geni simupikula thumba la nyemba musanalowetsemo dzanja mpaka pansi. Chitani chimodzi-modzi ndi pepala lililonse limene likufuna ndalama yanu mwezi ndi mwezi. Ndipo mukamaimbirana ndi abale a kunja Lamulungu likubwerali, mukatha kufunsana za moyo ndi za mvula, afunseniko kuti kubanki kwawo kukuchoka ndalama zanji mwezi uliwonse zimene iwo anaiwala kuti anasainira. Wakutsina khutu ndi mnansi.